Nyali Yobiriwira ya Ba Gershom

Kafilimu kake kanali ka masekondi makumi asanu ndi awiri basi, koma Fridah anali atakaonera kambirimbiri moti ngakhale kondakitala wa basi ya m'mawa yochoka ku Kafue kupita ku Lusaka anayamba kuimba mluzu wa nyimbo yake. Sikanali filimu yeniyeni ayi. Kanali kachidutswa kolawitsa chabe, kamene achinyamata amati tiza, kongokuutsa mudyo kenako n'kukusiya pomwepo. Filimu yeniyeniyo inali yoti idzatuluke mu Disembala, ndipo apa n'kuti uli mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati lakwiyira munthu.

Zoonekamo zinali zochepa. Poyamba chigwa chofiira chopanda mtengo ngakhale umodzi. Kenako anthu akuthawa, ena atabereka ana. Kenako mthunzi waukulu ukukwawa pansi, ndipo kamera ikayang'ana kumwamba, chombo cha m'mlengalenga chachikulu kuposa tauni yonse ya Kafue chikutsika m'fumbi, mbali imodzi ikufuka utsi. Pamapeto pake mayi wina wa imvi ataima yekha pachitunda, m'manja muli nyali yobiriwira, akuigwedeza. Zikatero chithunzi chinkazima, n'kubwera tsiku lotulukira filimuyo.

Fridah ankagwira ntchito ku Kamwala mu Lusaka, pa shopu yosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Koma ulemu wake weniweni unali pa gulu la pa foni la anthu okonda mafilimu a zam'mlengalenga. Analimo anthu oposa makumi anayi, ena a ku Kitwe, ena a ku Chipata, ndi mmodzi wa ku Mongu amene netiweki inkamufika mochedwa moti ankayankha mikangano ya dzana. Pagulupo Fridah ankadziwika kuti akalosera mmene filimu idzathere, kawirikawiri zimatero ndithu. Nthawi ino iye anati mayi wa nyaliyo watchera msampha: akuuza asilikali obisala kuseri kwa chitunda kuti awombere. Ackson wa ku Kitwe, amene ntchito yake pagulupo inali kutsutsa, anati mayiyo ndi kazitape wa adani. Onse anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti kukubwera nkhondo.

Tinene zoona, Fridah sankaonera katizako chifukwa chokonda filimu kokha. Ankathawiramo. Kunyumba kwake ku Estates, dera lina la mu Kafue, m'chipinda cha kumbuyo, munali bokosi lachitsulo lomanga kale ndi chingwe. Atate ake, Ba Gershom, anali atanena kuti Loweruka akubwerera kumudzi ku Chadiza, mvula isanagwe, akayambe kulima. Anali atapangana kale ndi Ba Maybin, a kalole koyera konyamula ndiwo za ku Shimabala, kuti adzawatengere katundu mpaka pokwerera mabasi a ku Chipata.

Ba Gershom anabwera ku Kafue ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anakhala shanta zaka makumi atatu ndi ziwiri. Shanta ndi munthu uja amayenda wapansi m'yadi ya sitima, kulumikiza mabogi ndi kuwalekanitsa, akulondolera dalaivala ndi manja kapena ndi nyali. Akazi awo, Amai Miriam, atamwalira zaka ziwiri zapitazo, Fridah ndi mwamuna wake Owen anawatenga kuti azikhala nawo. Sankavutitsa munthu. Ankasesa pabwalo posesedwa kale, n'kukhala pampando wawo kumvera wailesi.

Fridah sankafuna kuti apite, koma mwana sauza bambo ake kuti khalani pansi. Choncho ankazungulira.

"Dadi, manje mankhwala ya BP muzayapeza kuti ku Chadiza?"

"Ku Chadiza kulibe anthu a BP? Chipatala chiliko."

"Nanga nyumba ija? Banakamba ati malata yanauluka."

"Manja nili nayo."

"Na msewu uja mvula ikagwa..."

"Sinipita kukayenda pamsewu, mayi. Nipita kukakhala pansi." Ndipo ankamaliza ndi mawu omwewo nthawi zonse. "Pano nakhala monga bogi yakale imene anaikankhira pambali. Udzu wamera pansi."

Funso lililonse linali ndi yankho lake, ndipo Fridah mafunso anali atamuthera. Mawu enieni amene anali nawo pamtima sanali funso, n'chifukwa chake ankamukanika kutuluka.

Lachinayi madzulo malaiti anapita monga mwa masiku onse, ndiye onse anatuluka pakhonde kuthawa kutentha, dzuwa lisanalowe. Fridah ankapala mamba a nsomba za ku Chanyanya, foni ataitsamiritsa pa ndowa, katiza kakuzungulira. Owen, amene amaimba kiyibodi kutchalitchi ndipo mafilimu otere amawaona ngati matenda osapha, ankamuseka.

"Iwe Fridah, aba ma eliyeni bako sibalema kutsika? Kuchokela pa Mande bakali kutsika chabe."

"Siya vamene suziba. Uyu mzimai abatchela tilapu. Yangana, manje apasa sigino ku masoja."

Ba Gershom anali pambali akupukuta nsapato za paulendo. Anakweza maso kamodzi, n'kuweramanso. Katiza katayambiranso, burashi inaima.

"Bweza pang'ono."

Fridah anatembenuka. Atate ake sanaonerepo filimu ndi iye chiyambire. Ankati zonsezo ndi anthu akuluakulu ovala mapoto kumutu.

"Bweza apo pa mzimayi. Onetsa kuno."

Fridah anapukuta manja pachitenje, n'kuwapatsa foni. Iwo anaitalikitsa ndi nkhope monga amachitira ndi pepala la kuchipatala, n'kuonera kawiri. Kachitatu anaseka chapansipansi.

"Masoja ati? Uyu ni shanta."

"Shani, ba Dadi?" anafunsa Owen.

"Shanta, nakamba. Munthu wa mantha sagwedeza nyali tero. Wa mantha amaigwedeza monga yamuotcha m'manja, ndiye dalaivala adziwa kuti kuli ngozi, amanga mabuleki. Uyu onani: uku, uku, kupingasa pamimba, osafulumira. Ndiye kuti bwera kuli ine. Nyali ikakhala yoyera, bwera chabe. Ikakhala gilini, bwera koma mwaulemu, usathamange. Ukafuna kuti achoke, uikweza m'mwamba na kuitsitsa pansi. Uyu sakweza. Aitana."

Fridah anaiwala nsomba. "Manje aja bantu bathaba?"

"Sathawa nkhondo, achoka panjira. Na ife tikalowetsa bogi yowonongeka m'yadi tinali kuthamangitsa onse, na ogulitsa nthochi omwe. Suona utsi? Chindeke ichi chavulala. Onanso pamene aimilira mzimayi. Sali kutsogolo kwake. Ali pambali, pamalo okwera, pamene dalaivala angamuone bwino. Anaphunzira ntchito uyu."

Anabweza foni, n'kutolanso burashi, koma sanapukute. Nkhani inali isanawathere.

"Chinanso. Nyali siikamba na mlendo. Imakamba na munthu amene anawerenga buku imodzi na iwe. Ngati dalaivala wa chindeke amvera gilini, ndiye kuti ni wa pamenepo. Si adani awa. Ni anthu awo, abwerera kunyumba."

Fridah anabwezanso katizako, n'kuyang'anitsitsa nyali ija. Anali ataonera masekondi amenewo mwina kokwana zana, ndipo ankangoona zimene mafilimu ena onse anamuphunzitsa kuona. Anasangalala ngati mwana, ndipo sanachite manyazi n'komwe kuti kulosera kwake kwagwetsedwa ndi munthu wopukuta nsapato. Pomwepo analemba pagulu zonse zimene atate ake ananena, zala zikununkha nsomba.

Sipanapite mphindi zitatu, Ackson anayankha. Fridah anawerenga mokweza, mwadala.

"Ati, awe mwandi ba Fridah, mulekeni mudala apumule. Bantu bopanga mafilimu ku vyalo baziba chani pali njanji ya ku Kafue?"

Ba Gershom anaika nsapato pansi bwinobwino. "Ndani uyo?"

"Ackson. Wa ku Kitwe."

"Agwira ntchito yanji?"

"Agulisa ma chaja."

"Ndiye muuze kuti buku ya njanji si ya Kafue. Inabwera na sitima, ndipo sitima ili konse. Iyayi, leka, nimuuze nekha. Nikamba pati?"

Fridah anawasonyeza podina pojambulira uthenga wa mawu. Mkuluyo anakhala tsonga, n'kukonza kolala ya shati ngati kuti anthu a pagulu awaona, n'kuyamba ndi mawu a mu ofesi ya bwana.

"Muno mukamba Gershom, shanta, zaka makumi atatu na ziwiri, Kabwe, Livingstone na Kafue. Sininaphwanyepo bogi ngakhale imodzi. A Ackson, mverani bwino."

Analankhula mphindi zinayi zathunthu. Owen anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde. Gulu linatekeseka. Wina anatumiza tizithunzi ta moto kusonyeza kuti nkhani yatentha, wina anafunsa ngati ba Shanta angaonenso kumene kukuloza mthunzi wa chombo. Mtsikana wa ku Chipata anati agogo ake nawonso anali a njanji ndipo akuvomereza. Ackson sanagonje. Anati tidzaona mu Disembala, ndipo ngati mudala walondola, iye adzakwera basi kuchoka ku Kitwe kudzawapepesa pamaso.

"Akonzeke," anatero Ba Gershom. Tsiku limenelo anadya nsomba ziwiri, chinthu chimene anali asanachite chimwalirireni Amai Miriam.

Lachisanu Fridah pobwera kuntchito anawapeza atamasula chingwe cha bokosi lija. Anaganiza kuti asintha maganizo. Pamphasa panali nyali yawo ya kuntchito, yachitsulo, ya chogwirira pamwamba ndi kabatani kosinthira kuwala, koyera, kobiriwira, kofiira. Anali ataiika mabatire atsopano, ndipo anapempha foni kuti aonenso mzimayi uja. Anapeza zina. Anati mkono wa mayiyo ndi wotopa, ndiye kuti wakhala akubwera pachitundapo masiku ambiri, mwina zaka, kudikira. Anati m'chindekemo muyenera kuti muli mwana wake kapena mwamuna wake, chifukwa munthu sangaime pafupi chotero ndi chinthu chofuka utsi chifukwa cha malipiro okha. Anakambirana mpaka mpunga unapserera, ndipo Fridah anali wokondwa kuposa mmene anakhalira chaka chonsecho.

Koma atatha kudya, Ba Gershom anabwezera zovala m'bokosi, n'kumanganso chingwe, mfundo ziwiri. Nyali yokha ndiyo anaisiya panja.

"Iyi ni yako," anatero. "Kumudzi kulibe sitima. Ukakamuona Ackson, umuonetse."

Fridah analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Anatsegula pakamwa kuti anene zija, koma chimene chinatuluka ndi chakuti asaiwale kapu ya mankhwala pawindo.

Loweruka Ba Maybin anafika kunja kukungoyera kumene, kalole kakununkha tomato. Owen ndi Ba Maybin anakweza bokosi, matumba awiri, njinga ndi wailesi. Ba Gershom anakana kukhala kutsogolo. Anati shanta amakwera kumbuyo, kuti aziona ngati katundu yense akutsatira. Anakhala pabokosi lawo, chipewa kumutu, nkhope kuloza kunyumba. Owen anapemphera mwachidule, zimene kwa Owen n'zachilendo. Fridah anagwada pang'ono, n'kuwagwira dzanja.

"Muyende bwino, Dadi."

"Mutsale bwino, mayi."

Kalole kananyamuka pang'onopang'ono chifukwa cha maenje a mumsewu wawo. Fridah anaima pageti, nyali ija ili m'manja. Sankadziwanso kuti anatuluka nayo nthawi yanji. Anaona chipewa cha atate ake chikuchepa, chikuyandikira pokhota pa mtengo wa mango. Anadzikwiyira. Munthu wodziwa kulosera mathero a mafilimu a anthu ena, wakanika kunena mawu awiri kwa bambo ake omubala.

Anadina kabatani. Kofiira. Anadinanso. Kobiriwira. Anatuluka pageti, n'kuima pambali pa msewu pa kachulu, monga mayi wa mu filimu uja. Maso anali atadzaza misozi. Anakweza nyali m'mwamba, n'kuitsitsa pansi. Anakwezanso, n'kutsitsanso, pang'onopang'ono, ndi mtima wake wonse.

Kutali kuja kunamveka kumenya pa denga la kalole, kawiri, mwamphamvu. Kalole kanaima. Ba Gershom anatsika okha osadikira wowagwira, n'kuyamba kubwerera wapansi, akuyenda mwa munthu amene wapeza cholakwika pantchito. Owen anayang'ana mkazi wake, n'kubwerera m'geti mwakachetechete.

"Iwe Fridah!" anayamba asanafike n'komwe. "N'chiyani ichi?"

"Dadi..."

"Mwana wa shanta! Dzana lomweli nakuphunzitsa, pakhonde apa. M'mwamba na pansi ni chiyani?"

Fridah anayang'ana nyali, n'kuyang'ana mkono wake. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi.

"Ni... choka."

"Choka! Ndipo na gilini. Choka, koma mwaulemu. Nili kale paulendo, ndiye uniuzanso kuti nichoke? Anthu a mu Estates akuona!"

Anthu a mu Estates amene ankaona anali mayi mmodzi wotsuka mano ndi galu, ndipo pa awiriwo panalibe wodziwa buku la njanji. Koma Fridah sanaseke.

"Sininafune kukamba ivo, Dadi."

"Ndiye unafuna kukamba chiyani? Sigino siinama. Dalaivala amachita zimene waona, osati zimene uli nazo mumtima. Kamba na pakamwa ngati mkono wakukanga."

Anaima pamaso pake, akupuma mofulumira, akudikira yankho monga ankadikirira anyamata atsopano m'yadi. Panalibenso pozungulira. Za mankhwala zinali zitayankhidwa, za malata zitayankhidwa, za msewu zitayankhidwa.

"Nenze kukamba kuti bwelani," anatero Fridah. "Sinifuna muyende. Si nkhani ya BP. Nikufunani chabe pano, Dadi. Nikabwela ku nchito nifuna nizikupezani."

Ba Gershom anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli cholembedwa, n'kuchivalanso. Kwa miyezi iwiri mwana wawo ankawauza chifukwa chake kumudzi n'kovuta, ndipo iwo ankamva kuti akuwaona ngati nkhalamba yosatha kudzisamala. Izi zinali zina.

"Ndiye bwanji sunakambe tero poyamba?" anafunsa, mawu atatsika.

"Nenze kuopa."

"Hm." Anamugwira pamkono, pamwamba pa chogwirira nyali, ndi dzanja lawo lokhakhala lija. "Chigongono pafupi na thupi. Usaponye. Uku... uku. Kupingasa pamimba. Waona? Osafulumira. Chinthu cholemera sichibwera na changu."

Anagwedeza limodzi kanayi kapena kasanu, bambo ndi mwana, kuwala kobiriwira kukuoneka pang'ono chabe chifukwa kunja kunali kutayera. Kutali kuja Ba Maybin anatulutsa mutu pawindo, n'kuitana Ba Gershom monga aitanira agogo.

"Ba Shikulu! Tiyenda olo shani? Basi ya ku Chipata siyembekeza!"

Ba Gershom anafunsa Fridah, maso ali ku kalole.

"Filimu ija ituluka liti?"

"Pa eyitini Disembala."

"Mvula idzakhala itagwa kale. Chimanga cha anzanga chili m'mawondo." Anapukusa mutu ngati munthu amene waluza zambiri. "Koma uja wa ma chaja anati adzabwera kudzapepesa pamaso. Akapeza nilibe, adzati mudala anathawa."

"Azakamba zoona ivo," anatero Owen kuseri kwa geti. "Namuziba Ackson."

"Ndipo ni kutiko amaonetsa? Ku Lusaka? Sininalowepo m'nyumba ya mafilimu ine. Mudzanigulira malo a pambali, pamene ningaone bwino mzimayi."

Foni ya Fridah inalira m'thumba lake. Anaisuzumira, n'kuseka misozi ili m'masaya. Anali munthu wa ku Mongu uja, uthenga wa Lachinayi utangomufika kumene. Analemba kuti iye akugwirizana ndi ba Shanta, anthuwo akubwerera kwawo.

"Bweretsa kuno," anatero Ba Gershom, n'kutenga nyali.

Anakwera pa kachulu paja, pambali pa msewu, pamene Ba Maybin akanawaona pagalasi. Anawongola msana, chigongono pafupi ndi thupi, n'kuyamba kugwedeza, uku ndi uku. Ba Maybin sanawerengepo buku la njanji, ndiye Owen anathamangira pamsewu kukamasulira.

"Ati bwelani livesi, ba Maybin! Koma pang'ono-pang'ono!"

Kalole kanalira, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, kakuzemba maenje, bokosi lachitsulo likugwedera pamwamba pamodzi ndi njinga ndi wailesi. Fridah anatsegula geti mbali zonse ziwiri, n'kuchoka panjira. Ba Gershom sanatsitse mkono mpaka matayala a kumbuyo atalowa pabwalo. Pamenepo anadina kofiira, kuti kalole kaime.